Land Cruiser yolemera ikamathamanga pa low range: kupeza vuto ndi kutsitsa magiya

Dandaulo lake limamveka chimodzimodzi kulikonse. Galimoto yasenza katundu, mwaika L4 (low range, magiya otsika okokera matayala onse anayi) ndi giya wani, koma pa chitunda cha miyala ikufunabe kuthamanga. Mukachotsa phazi pa moto injini ikuzima. Mukaponda moto galimoto ikudumphadumpha, katundu kumbuyo n'kumagubuduka. Dalaivala ndiye amayamba kusewera ndi kilatchi, kuiponda theka, kuisiya theka, mpaka fungo lakupsa kudzaza m'galimoto monse. Potsika zimafika poipa. Giya wani yomweyo ikulephera kuigwira galimoto, phazi silikuchoka pa buleki, ndipo pofika pakati pa mtsetse mabuleki atentha. Amene anatsikapo msewu wa Gorodi kuchoka ku Livingstonia kupita ku Chitimba galimoto itadzaza akudziwa mmene m'manja mumatulukira thukuta pa makona aja.

Vutoli limatheka. Koma njira zake zimasiyana mtengo kutalitali, ndipo ambiri amagula chitsulo cholakwika chifukwa sanayambe akhala pansi n'kuwerengera.

Musanamasule bawuti ndi imodzi yomwe

Yambani mwatsimikiza kuti vuto ndi magiyadi. Injini yofooka imanamizira magiya. Fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, fyuluta ya dizilo yotsekeka, ma injector otopa, pampu yosachunidwa bwino, zonsezi zimalanda mphamvu injini ikamazungulira pang'onopang'ono, pamene mukuifunitsitsa. Injini ya 1HZ, ya malita 4.2 yopanda turbo, imavutikanso ndi kukwera kwa malo. Injini zotere zimataya pafupifupi 10 peresenti ya mphamvu pa mamita 1,000 alionse, choncho galimoto imene imakoka bwino ku Karonga imafika pa Nyika, pamwamba pa mamita 2,000, itataya pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu. Pamenepo palibe chaonongeka.

Mukayenda pang'ono, yandikizani dzanja ku rimu iliyonse. Imene yatentha kuposa zinzake ili ndi buleki yogwira, ndipo handibuleki ya Land Cruiser imadziwika ndi kudzaza matope n'kukana kubwerera. Kilatchi iyeseni pa giya folo, pa chitunda chaching'ono: injini ikalira mokwera koma liwiro osawonjezeka, kilatchi yatha kale, ndipo magiya atsopano sadzaichiritsa.

Kenako kulemera. Land Cruiser 80 imalemera matani oposa awiri ili yopanda kanthu. Onjezani bampala yachitsulo, winchi, keriyala ya padenga, thanki yachiwiri, matayala awiri a sipeya, zigubu za madzi ndi anthu, mwafika matani atatu musanakweze ndi thumba limodzi la chimanga. Pitani nayo pa sikelo mukaone. Nthawi zina mankhwala otsika mtengo kuposa onse ndi kutsitsa makilogalamu 300 a zinthu zimene mumangoyenda nazo chifukwa cha chizolowezi.

Nambala imene muyenera kuidziwa

Anthu a magalimoto a m'tchire amaitcha crawl ratio. Imanena kuti injini imazungulira kangati kuti tayala lizungulire kamodzi, muli pa giya wani ndi low range. Kuipeza n'kosavuta: chulukitsani nambala ya giya wani ndi ya low range ya transfer case (bokosi la kumbuyo kwa giyabokosi logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), kenako ndi ya difu (magiya a pakati pa ekiselo).

Tengani Land Cruiser 80 ya 1HZ ndi giyabokosi ya H150F. Giya wani ndi 4.529, low range ndi 2.488, difu ndi 4.10. Mukachulukitsa zikupatsani 46:1. Ya turbo yokhala ndi H151F giya wani yake ndi 4.081, ndiye imathera pa 42:1. Land Cruiser 75 zakale zija, zimene zambiri zinagwirapo ntchito ya ambulasi ndi ya m'maesiteti, zili ndi giya wani yotsika bwino ya 4.843, koma low range yake ndi 1.96 yokha, motero zimangofika 39:1. Land Cruiser 79 ya V8 ili pa 44:1. Land Rover Defender ya injini ya Tdi, ngakhale low range yake ndi 3.32, imathera pa 43:1 chifukwa difu yake ndi 3.54, pamene Defender ya kuyambira 2007 yokhala ndi magiya sikisi inafika 63:1, ndipo amene anaiyendetsapo pa miyala amakuuzani kusiyana kwake.

Kuti nambalayi imveke, isandutseni liwiro. Pa 46:1, injini ikamazungulira ka 1,000 pa mphindi, tayala likuzungulira pafupifupi ka 22. Tayala la 275/70R16 limapita mamita 2.5 likazungulira kamodzi, ndiye galimoto ikuyenda makilomita 3.2 pa ola. Mukhoza kuona ngati n'kochepa, koma yerekezani matani atatu akukwera mwala wofika m'bondo pa liwiro la munthu woyenda pansi. Kwa ine, 40 mpaka 46 ndi yokwanira pa misewu yafumbi, m'minda ya tiyi ndi pa zitunda wamba. Galimoto yolemera imene imakwawa m'miyala kawirikawiri imapuma bwino pakati pa 55 ndi 65. Zopitirira 100 ndi za anthu a masewera okwera matanthwe.

Musakhulupirire buku lokha ayi. Galimoto zambiri zimene timagula zadutsa m'manja ambiri, ndipo difu yake ikhoza kukhala yochokera ku galimoto ina. Kachitsulo ka nambala za galimoto kali ndi mzere wa giyabokosi ndi ekiselo, koma umboni weniweni ndi choko. Pa malo a fulati, tchingani matayala akutsogolo, ikani giyabokosi ndi transfer case pa nyutulo, masulani handibuleki, kwezani tayala limodzi lakumbuyo n'kuikapo sitandi. Lembani mzere pa tayala ndi wina pa propshaft, chitsulo chachitali chochokera ku transfer case kupita ku difu. Zungulitsani tayalalo ka 20 mnzanu akuwerenga propshaft. Ikazungulira ka 41, difu ndi 4.10, ikazungulira ka 43, ndi 4.30. Tayala likamakana kuzungulira lili lokha ndiye kuti difu ndi ya LSD, yosalola tayala limodzi kuzungulira lokha momasuka: kwezani onse awiri, muwazungulitse limodzi ka 10, kuwerenga kwake n'komweko. Chitaninso chimodzimodzi kutsogolo. Madifu awiriwo akasiyana, limenelo ndiye vuto loyamba kulikonza, chifukwa pa 4WD amalimbana okhaokha mpaka china chithyoke.

Ngati vuto linayamba mutaika matayala aakulu

Apa ndi pamene ambiri amagwa. Tayala lalikulu limakweza magiya onse nthawi imodzi. Kuchoka pa 275/70R16, la mainchesi 31, kupita pa 315/75R16, la pafupifupi mainchesi 35, mwakweza ndi 11 peresenti. Liwiro lija la 3.2 lasanduka 3.6, mphamvu yokankhira galimoto yatsika ndi muyezo womwewo, mabuleki nawo akuvutika kuimitsa tayala lolemera.

Chizindikiro chake n'chakuti galimoto yafooka paliponse, osati m'tchire mokha. Ponyamuka pa maloboti ikuchita ulesi, giya faifi ikukana pa kamtunda kalikonse ka pa M1, dizilo ikumwa kwambiri. Zikatero mankhwala ali m'madifu, kapena kubwerera ku tayala laling'ono. Ndinene mosabisa kuti kwa galimoto yantchito, kubwerera pa 7.50R16 kapena 265/75R16 n'kwanzeru kuposa kuthira ndalama m'madifu kuti tayala lokongola likhalepo. Likaphulika muli kumudzi, la 7.50 mulipeza pa boma lapafupi.

Mukasankha kusintha madifu, kuchoka pa 4.10 kupita pa 4.56 kumabweza 11 peresenti ija ndendende. Pa 4.88 mwatsitsa ndi 19 peresenti, ndiye mwapitirira pamene galimoto inalili ikuchoka ku fakitale: m'tchire mudzasangalala, koma pa tala injini idzalira mokwera ulendo wonse. Dziwaninso kuti nambala ikamakwera, pinion, kagiya kakang'ono ka m'difu kozungulitsa giya yaikulu yotchedwa crown wheel, imachepa. Pa 4.10 ili ndi mano 10, pa 4.56 mano 9, pa 4.88 mano 8, pa 5.29 mano 7 okha. Kagiya kakang'ono kameneka ndi kamene kakukankha matani atatu, n'chifukwa chake pa galimoto yolemera sindilimbikitsa kupitirira 4.88. Madifu amasinthidwa onse awiri pamodzi, ndipo ya kutsogolo kwa 80 ndi yosiyana ndi yakumbuyo, kukula kwake komanso kadulidwe ka mano, choncho poitanitsa nenani bwino.

Ntchitoyi si ya pansi pa mtengo wa mango. Mpata wa pakati pa mano a crown wheel ndi pinion sufika ngakhale kota ya milimita, ndipo umayezedwa ndi geji, osati ndi khutu. Mufunseni makaniko kuti adzayeza ndi chiyani, ndipo akuonetseni utoto umene amapaka pa mano kuti aone pamene akukhudzana. Akayankha kuti amangomva m'manja, pitani kwina. Mukatulutsa galimoto, makilomita 800 oyamba musakoke thirela, muziipumitsa difu ikatentha, kenako musinthe oyilo.

Ngati pa tala zonse zili bwino

Ili ndiye gulu lalikulu, ndipo yankho lake ndi kusintha magiya a low range m'kati mwa transfer case. Ubwino wake ndi wakuti high range simuikhudza. Pa msewu galimoto ikhala mmene inalili, dizilo chimodzimodzi, sipidomita chimodzimodzi, kusintha kumaoneka pokhapokha mwakokera kandodo kakang'ono ku L.

Pa transfer case za Land Cruiser 80 ndi 105 pali magiya ogulitsidwa padera amene amatsitsa low range kuchoka pa 2.488 kufika pafupifupi 3.1, kutsika kwa 25 peresenti. Amapangidwa kapena kugulitsidwa ndi makampani monga Sumo Gear a ku Japan, Marks 4WD a ku Australia ndi Marlin Crawler a ku California. Pa galimoto ija ya 46:1, kusinthaku kukufikitsani pa 58:1, ndipo ngakhale muli ndi matayala a mainchesi 35, liwiro injini ikamazungulira ka 1,000 pa mphindi latsika kufika makilomita 2.9 pa ola. Mukaphatikiza ndi difu ya 4.56 mwafika 64:1. Ma 75 ndi ma 60 okhala ndi transfer case yakale ija ndiwo amapindula kwambiri, poti amachokera pa 1.96: alipo magiya a 3:1 ndi a 4:1, amene amaifikitsa galimoto pa 60:1 kapena 80:1. Pa amenewa funsani bwino musanalipire, chifukwa ena amasinthako pang'ono ndi high range yomwe.

Musanaitanitse, werengani dzina la transfer case yanu. Pa 80 pali HF1A imene 4WD mumachita kuika nokha, ndi HF2A kapena HF2AV zimene matayala onse anayi amakoka nthawi zonse. Chitsulo chochokera kunja chimadya ndalama zakunja, za ndege ndi za msonkho, ndipo chikafika cholakwika kubweza kwake ndi mutu waching'alang'ala. Itanitsani limodzi ndi mabering'i ndi ma oil seal, poti bokosi lamasulidwa kale.

Poika pali chinthu chimodzi chimene chimadabwitsa amakaniko amene sanaikepo. Giya yatsopano ndi yaikulu kuposa yakale, ndiye imakhudza khoma la m'kati mwa bokosi. Khomalo ndi la aluminiyamu ndipo limafunika kulipala pang'ono ndi giraindala yaing'ono. Kachitidwe kabwino nkupaka utoto pa khoma, kulowetsa giya, kuizungulitsa ndi dzanja, kuitulutsa n'kuona pamene utoto wachoka, kupala pomwepo pang'ono, n'kuyesanso. Zimatenga nthawi. Wopupuluma amapala kwambiri mpaka khoma kupyapyala kapena kubooka. Mukamaliza, bokosi litsukidwe ndi parafini n'kupopedwa ndi mpweya mpaka pasatsale kachidutswa, chifukwa fumbi la aluminiyamu likalowa m'mabering'i limawadya mwakachetechete. Pepala la malangizo limene limabwera ndi magiyawo makaniko aliwerenge, asalipinde n'kuikira tiyi.

Njira zina zimene mudzamva

Pa intaneti mudzaona ma Hilux okhala ndi ma transfer case awiri olumikizana. Njirayi inatchuka ndi Marlin Crawler ku Fresno: bokosi limodzi la 2.28, lina la 4.70, ndipo pamodzi ndi difu ya 5.29 galimoto imapitirira 220:1, moti munthu akhoza kutsika n'kumayenda pambali pake. Koma izi zimatheka pa ma Hilux akale a transfer case ya magiya, osati ya tcheni, ndipo zimafuna kufupikitsa propshaft yakumbuyo, kutalikitsa yakutsogolo, kusuntha chitsulo chonyamula giyabokosi ndi kuboola pansi pa galimoto. Palinso transfer case ya Atlas ya kampani ya Advance Adapters, ndi ma portal axle onga a Unimog, amene ali ndi magiya pa tayala lililonse ndipo amakweza galimoto. Zonsezi zimagwira ntchito, koma mtengo wake ukhoza kugula galimoto ina, ndipo chikathyoka muli ku Chitipa palibe shopu imene ili nacho.

Za otomatiki

Mukawerengera 80 ya otomatiki mudzadzidzimuka: giya wani ya A442F ndi 2.95, ndiye crawl ratio ndi 30:1 yokha. Pokwera sizioneka kwenikweni, chifukwa torque converter, imene imalowa m'malo mwa kilatchi pa otomatiki, imachulukitsa mphamvu pafupifupi kawiri galimoto ikamanyamuka, ndipo injini siizima. Malipiro ake ndi kutentha. Converter ikamaterera nthawi yaitali pa chitunda, oyilo amapsa, n'kuda, n'kuyamba kununkha. Potsika ndiye converter siikuthandizani, 30:1 ija imaonekera poyera, galimoto n'kumathawa. Choncho magiya a 3.1 amathandiza otomatiki kuposa ya manyuwo. Ikaninso kula ya oyilo wa giyabokosi yokulirapo, ndipo potsika kokerani ndodo pa L, musaisiye pa D. Mafuta a mabuleki akale amakhala atamwa madzi ndipo amawira msanga, asintheni.

Mwaika, koma pabuka zina

Kulira pang'ono pa low range n'kwachibadwa pa magiya ena ogula padera. Kulira kumene kukumvekanso pa high range, kapena kukukulirakulira, ndi nkhani ina. Tsitsani oyilo m'beseni loyera, muunike ndi tochi. Akamanyezimira ngati siliva, giya ikukhudabe khoma. Tizidutswa tomamatira ku maginito ndi ta chitsulo, ndiye kuti bering'i kapena mano akudyeka, kawirikawiri chifukwa mashimu, timawashala topyapyala toyezera mpata, sanaikidwe bwino.

Kandodo kakamatuluka kokha pa L potsika phiri, imani msanga, chifukwa transfer case ikagwera pa nyutulo galimoto yatsala ndi mabuleki okha. Musathamangire kumasula bokosi. Onani kaye ngati kandodo sikakugunda pansi pa galimoto kapena labala wake, onani ma mounting a injini ndi giyabokosi, poti akatha zonse zimapendekeka mphamvu ikachuluka, onaninso tizitsulo tolumikiza kandodo ndi bokosi. Zimenezi zikakhala bwino, ndiye kuti vuto lili m'kati, pa foloko kapena pa kasipuling'i ndi kampira kachitsulo kogwira giya pamalo.

Sipidomita ikayamba kunama, si magiya a low range. Imawerenga kumapeto kwa transfer case, ndiye imasokonezeka ndi difu kapena tayala basi. Iyerekezeni ndi GPS ya pa foni.

Galimoto ikamalimba chiwongolero pa makona akuthwa, matayala n'kumakwekwesa pansi, ndiye kuti kutsogolo ndi kumbuyo kwamangana. Pa 80 ya HF2A, kuika low range kumatsekanso difu ya pakati nthawi yomweyo, ndipo pa nthaka youma yolimba zitsulo zimapotana. Pa galimoto yokhala ndi ma hub otseka pamanja pali kanzeru: siyani ma hub pa FREE n'kuika L4, mukhala ndi low range ya matayala akumbuyo okha. Zimathandiza pobweza thirela kapena pa makona a simenti, bola muponde moto mofatsa, chifukwa mphamvu yonse ikupita ku ekiselo imodzi.

Dandaulo lina limabwera nyengo ya dzinja: taika magiya otsika koma m'matope tikutitimirabe. Inde mutitimira. M'dothi la makande la ku Chikwawa ndi Nsanje, kapena mumchenga wa m'mbali mwa nyanja, chofunika ndi kaliwiro ndi tayala lophwetsedwa pang'ono. Giya wani ya low range pamenepo imangokumba dzenje mwaulemu. Ndi magiya atsopano, pamene munkadutsa ndi giya thu muzidutsa ndi giya fili.

Chomaliza ndi chimene chimadula kuposa zonse. Makaniko aliyense amadziwa zimene zimachitika akalumikiza paipi ku sipana: bawuti yolimba imamasuka mosavuta, koma ikakana imaduka. Magiya otsika amachita zomwezo. Injini ya 1HZ imatulutsa pafupifupi 285 Nm. Pa 46:1 zimenezo ndi 13,000 Nm pa matayala, pa 58:1 ndi 16,500 Nm, koma ma shafuti ndi ma Birfield (majoini olola tayala kukoka likukhota) a kutsogolo ndi omwe aja a ku fakitale. Nthawi zambiri tayala limaterera zisanafike poopsa. Ngozi imabwera tayala lakutsogolo likapanikizika pakati pa miyala, chiwongolero chili chokhotetsa mpaka kumapeto, diff lock (yomanga matayala awiri kuti azizungulira limodzi) yotseka, dalaivala n'kuponda moto. Kapena tayala limene limazungulira m'malere likagwa pansi n'kugwira mwadzidzidzi. Mumangomva kuti phwa! Ndiye tayala likakana kukwera, chotsani phazi pa moto, bwererani pang'ono, wongolani chiwongolero, ikani mwala wopondapo, muyesenso injini ikungolira payokha. Ndipo musakoke galimoto yotitimira muli pa rivesi: mano a difu yakutsogolo ya 80 ndi olimba popita kutsogolo, pobwerera m'mbuyo ndi katundu amagulukira. Tembenuzani galimoto, mumange chingwe kumbuyo.